Sid James: wometa tsitsi wa ku Joni amene anaseketsa Mangalande

Usiku wa pa 26 April 1976, anthu amene anadzaonerera sewero m'holo ya Empire mumzinda wa Sunderland ku Mangalande anaseka munthu akumwalira. Sid James, katswiri wa nthabwala wa zaka 62, anali pasiteji m'sewero lotchedwa The Mating Season pamene mtima wake unaima. Mayi amene ankasewera naye, Olga Lowe, anamulankhula koma sanayankhidwe, ndipo anaganiza kuti mkuluyo wayamba zake zija. Woyang'anira siteji atatseka katani n'kufunsa ngati munali dokotala m'holomo, anthu anasekanso poyesa kuti ndi mbali ya sewero. Anathamangira naye kuchipatala koma sanadzukenso.

Patatha zaka 24, mu 2000, wailesi ya kanema ya ITV inaonetsa sewero la moyo wake lotchedwa Cor, Blimey! Mungayembekeze kuti sewero lotere lifotokoza m'mene mnyamata wa ku Joni anasandukira nkhope yodziwika m'nyumba iliyonse ya ku Mangalande. Ayi ndithu. Chimene olemba anaona kuti chikoma ndi chibwenzi chake chamseri. Tifika kumeneko, koma tiyambe tamudziwa munthuyo.

Anabadwa pa 8 May 1913 mumzinda wa Johannesburg m'banja la Chiyuda, ndipo dzina lake linali Solomon Joel Cohen. Kwawo kunali ku Hillbrow, komwe kuja amalonda athu okatenga katundu ku Joni akukudziwa bwino. Makolo ake anali anthu a zisudzo oyendayenda. Atatchuka, Sid ankakonda kuuza atolankhani kuti paunyamata wake anali wankhonya, anasemako miyala ya dayamondi ndiponso anaphunzitsako magule. Ntchito imene anaiphunzira n'kuigwira kwenikweni inali yokonza tsitsi la amayi musaluni, ndipo apongozi ake oyamba anamugulira saluni yakeyake. Imeneyi sankakonda kuitchula, kaya ankaona kuti siyenerana ndi nkhope yake yamakwinya ngati ya munthu womenyedwa ndi moyo. Choncho woyamba kukometsera mbiri ya Sid James anali Sid James mwini wake.

Saluni ija anaisiya n'kulowa gulu la zisudzo la Johannesburg Repertory Players mu 1937, zomwe sizinakondweretse apongozi ngakhale pang'ono, ndipo banja loyambalo silinapite patali. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse anali m'gulu losangalatsa asilikali a South Africa. Kumapeto kwa 1946 anakwera sitima ulendo wa ku London, ali ndi zaka 33, wopanda womudziwa. Anayamba ndi timbali ting'onoting'ono m'makanema: lero ndi dalaivala wa takisi, mawa wapolisi, mkuja mbava. Mu 1951 anaoneka m'kanema wa The Lavender Hill Mob pamodzi ndi Alec Guinness. Chodabwitsa n'chakuti azungu a ku Mangalande anamutenga ngati mwana wa m'makwalala a London weniweni, osadziwa kuti munthuyu anakulira kuno kummwera kwa Africa.

Mwayi wake waukulu unabwera mu 1954 pamene analowa m'pulogalamu ya pawailesi ya BBC yotchedwa Hancock's Half Hour, imene inadzafikanso pakanema mu 1956. Tony Hancock ankasewera ngati munthu wodzimva koma wolephera pa chilichonse, pamene Sid anali mnzake wakatangale womudyera masuku pamutu. Anthu anawakonda awiriwa mpaka Hancock anayamba kuopa kuti popanda Sid iye si kanthu. Mu 1961 anajambula mapulogalamu ake omaliza a ku BBC Sid atamusiya panja. Zinamuwawa Sid, pakuti ankamuyesa mnzake. Hancock anapitiriza kutaya anthu onse amene anamukweza, kuphatikizapo omulembera nthabwala Ray Galton ndi Alan Simpson, ndipo mowa utamugonjetsa anadzipha ku Sydney mu 1968.

Sid yekha zake zinayenda. Kuyambira 1960 anasewera m'makanema 19 a mndandanda wa Carry On, makanema otchipa a nthabwala zokhudza akazi, mowa ndi zipatala, amene ankajambulidwa ku Pinewood m'masabata owerengeka. Mbali yake inali imodzimodzi nthawi zonse: bambo wachikulire wa diso lakunja, wa phwete lokhala ngati madzi akutsika m'ngalande. Kuyambira 1971 mpaka imfa yake analinso bambo wa pabanja m'sewero la pakanema la Bless This House.

Ophunzira amene mukulota zotchuka, imvani za malipiro. Akatswiri aamuna a Carry On ankalandira ndalama zosapitirira mapaundi 5,000 pa kanema mmodzi, aakazi n'kumalandira zochepera apo, ndipo makanemawo akamaonetsedwa mobwerezabwereza pa wailesi ya kanema iwo sankapatsidwanso kanthu. Koma mu 1967, pamene mwini makanemawo Peter Rogers anaitana Phil Silvers wa ku America kudzasewera kanema mmodzi yekha, anamupatsa mapaundi 30,000. Mlendo amadya nkhuku, mwana wa pakhomo n'kudyera masamba.

Ndalama zimene Sid ankapezazo zambiri zinkathera kujuga, makamaka kubetcha pa mipikisano ya mahatchi. Anagwirizana ndi womuyendetsera ntchito, Michael Sullivan, kuti mkazi wake wachitatu Valerie, amene anamukwatira mu 1952, asamadziwe malipiro ake enieni, kuti zina zizipita kwa obetchetsa. Inu a pamsika mukudziwa kuti munthu wobisa buku la ndalama kwa mkazi wake sapuma. Sid ankavomera ntchito iliyonse, ndipo mu 1967 anadwala mtima koyamba. Chaka chomwecho anabwerera kuntchito, ndipo m'kanema wa Carry On Doctor anamupatsa mbali ya wodwala wogona pabedi chifukwa thupi linali lisanabwerere.

Tsopano za chibwenzi chija. Barbara Windsor anali mnzake wa m'makanema a Carry On, wocheperapo ndi zaka 24, ndipo anali pabanja ndi Ronnie Knight, munthu woyenda ndi zigawenga za mu London amene pambuyo pake anadzamangidwa. Chibwenzi chawo chinayamba cha mu 1973 ndipo chinatha Sid atatsala pang'ono kumwalira. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa. Sid anali ndi mkazi ndi ana kunyumba, ngongole za juga, mtima wodwala, ndiye n'kuwonjezapo mkazi wa munthu woopsa.

Apa ndi pamene Terry Johnson anapezerapo nkhani. Analemba sewero la pasiteji mu 1998, kenaka n'kulisandutsa Cor, Blimey! Geoffrey Hutchings anasewera ngati Sid, Samantha Spiro ngati Barbara, ndipo Adam Godley ngati Kenneth Williams, katswiri wina wa Carry On amene sankamwerana madzi ndi Sid. Sindikunena kuti seweroli ndi loipa. Osewerawo anaigwira ntchito, ndipo Sid wa m'menemo ndi munthu womvetsa chisoni, wokalamba, wogwa m'chikondi ngati mnyamata wa kusekondale. Koma taonani amene anali ndi pakamwa. Barbara Windsor anali moyo, analemba buku la moyo wake, ndipo anaoneka yekha kumapeto kwa seweroli. Kenneth Williams anamwalira mu 1988 koma anasiya mabuku amene ankalembamo za tsiku ndi tsiku, omwe anasindikizidwa mu 1993, ndipo m'menemo Sid sanamulembe bwino. Sid sanasiye buku. Zimene amalankhula kuchipinda m'seweroli ndi mawu amene wolemba anamuika m'kamwa, pakuti kunalibe wina wojambula mawu pamene awiriwo anali okha. Woonera kunyumba sangasiyanitse kuti apa ndi zoona, apa ndi zopeka. Zonse zimalowa m'mutu ngati mbiri. Ndipo Valerie, amene anakhala naye zaka 24 ndipo anali naye ku Sunderland usiku uja, anali moyo pamene dziko lonse linkaonerera mwamuna wake akufunsira mkazi wina.

Masewero otere anachuluka pambuyo pake, pakuti a wailesi anaona kuti misozi ya anthu oseketsa ili ndi msika. BBC inapanga la Kenneth Williams mu 2006, Michael Sheen ndiye anasewera. Mu 2008 inatulutsa la Hancock, la Frankie Howerd ndi la Harry H. Corbett ndi Wilfrid Brambell, lotchedwa The Curse of Steptoe. Mu 2011 kunabwera la Hattie Jacques, ndipo mu 2014 ITV inaonetsa la Tommy Cooper, amene naye anagwa pasiteji mu 1984 anthu akuseka. Onsewa nkhani yake ndi imodzi: mowa, zibwenzi, kusungulumwa. Za m'mene munthu amagwirira ntchito yoseketsa anthu mamiliyoni sabata ndi sabata, zomwe kwa ine ndiye zodabwitsa, amangozilambalala.

Achibale a Corbett sanakhale chete. Anakadandaula kuti seweroli linapotoza nthawi ya zochitika ndi kunamizira mkazi wake wachiwiri, amene naye anali atamwalira. Nkhaniyo inatenga nthawi, koma akuluakulu oyang'anira BBC anavomera kuti mbali zina sizinali zachilungamo, ndipo seweroli linadulidwa, pambuyo pake n'kuchotsedwa pamsika.

La Sid James silinakumane ndi zotere. Limayambira ku Pinewood mu 1964, iye ali kale ndi zaka 51, ndipo za saluni ija ndi za ku Hillbrow woonera amazimitsa kanema asanazidziwe.