Henry Tayali, Mmisiri Wojambula Anthu Wamba

Henry Tayali anabadwa pa 22 Novembala 1943 ku Serenje m'dziko la Zambia, lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Iye anakulira ku Bulawayo komwe bambo ake ankagwira ntchito. Moyo wotere si wachilendo kwa ife a ku Kasungu poti agogo athu ambiri anapita ku Halale kukasaka ntchito, ena n'kutchona komweko.

Luso la Tayali linaonekera akadali mwana wasukulu. Anayamba kujambula ndi utoto wosungunula m'madzi, womwe ndi wovuta kuugwiritsa ntchito chifukwa dzanja likaphonya, cholakwikacho sichibisika. Ali ndi zaka 15 anaonetsa zithunzi zake kwa anthu ku Bulawayo konko. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, choncho anakaphunzira zaluso pa yunivesite ya Makerere ku Uganda, kenaka ku Düsseldorf m'dziko la Germany m'zaka za m'ma 1970. Atabwerera kwawo anagwira ntchito pa University of Zambia mumzinda wa Lusaka.

Ngakhale anaphunzira ku Ulaya, maso ake sanachoke pa anthu a kwawo. M'zithunzi zake, maka zomwe ankadinda ndi thabwa logoba, muli amayi a pamsika, anthu opemphapempha ndi khamu la m'malo omwera mowa. Awa ndi anthu omwe anachoka kumudzi ndi chikhalidwe chawo n'kukathithikana m'tauni. Chithunzi chake chotchuka, Destiny, chimaonetsa chinamtindi cha anthu akulimbana ndi ntchito pakati pa nyumba zitalizitali za mumzinda. Tayali analinso wosema, ndipo chiboliboli chake, The Graduate, chinaimikidwa pa yunivesite pomwe ankagwirapo ntchito.

Iye anamwalira pa 22 Julayi 1987 ku Aachen ku Germany ali ndi zaka 43 zokha, ndipo anaikidwa m'manda ku Lusaka. Anzake sanamuiwale. M'chaka cha 1995 anatsegula Henry Tayali Visual Arts Centre pa bwalo la zionetsero la mumzindawo kuti aluso azionetserapo ntchito zawo.

Mbiri ya Tayali ikutifunsa funso ife Amalawi. M'zaka zomwe iye ankajambula, nkhope yomwe inali pa makoma a maofesi, m'masitolo ndi pa nsalu za mbumba kuno kwathu inali ya mwana wa ku Kasungu, Dr. Kamuzu Banda. Nanga nkhope za matenanti omwe ankathyola, kusoka ndi kuyanika fodya m'maesiteti a m'boma lomwelo zili pa khoma liti? Wojambula amasankha yemwe mtundu udzamukumbukire. Tayali anasankha anthu wamba, ndipo aluso a pa chigwa cha Kasungu ntchito yomweyo ikuwadikira.