Hugh Tracey: Mlimi wa Fodya Amene Adagwada kwa Aphunzitsi a Magule

Anzanga amene tidadya limodzi nsima ya kondowole pa sukulu yathu ija, ndikhulupirira kuti mukukumbukira m'mene tinkakonzekerera chikondwerero cha pa 6 July. Mwezi wa June ukangolowa, mwera uli kuwomba kuchokera kunyanja, aphunzitsi athu ankaitana bambo wina wa m'mudzi wapafupi kuti adzatiphunzitse mganda. Bamboyo adali msodzi. Ankafika madzulo atayanika makoka, wezulo ali m'khosi, ndipo ankatiimika m'mizere mpaka dzuwa kulowa. Tonse tinkangowatchula kuti a Kapitawo. Setifiketi adalibe, malipiro sankalandira, koma mwendo ukaphonya ng'oma ankauona ngakhale uli kumzere wakumbuyo.

Nditaganiza zolemba za iwo m'kalata yathu ino, ndidazindikira kuti dzina lawo lenileni sindilidziwa. Ndidafunsa anzathu atatu, nawonso adangogwira pakamwa. Manyazi amenewa ndiwo andichititsa kuti ndikusimbireni za mlendo wina amene adathera moyo wake akulemba maina a anthu onga a Kapitawo. Iyeyu ndi malemu Hugh Tracey.

A Tracey adabadwa m'chaka cha 1903 m'mudzi wa Willand, m'dera la Devon ku Mangalande. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, adapita ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, kukathandiza mkulu wawo Leonard pa munda wa fodya. Kumeneko adaphunzira Chikaranga chifukwa chogwira ntchito limodzi ndi anthu m'munda, ndipo nyimbo zomwe anthuwo ankaimba polima zidawalowa mumtima. Azungu anzawo ambiri ankaziona ngati phokoso chabe. Iwo adaona kuti nyimbozo zili ndi malamulo ake, eni ake ndiponso aphunzitsi ake.

M'chaka cha 1929 adatenga anyamata 14 Achikaranga ndi kupita nawo ku Johannesburg kukajambulitsa nyimbo ku kampani ya Columbia. Pambuyo pake bungwe la Carnegie lidawapatsa thandizo loti ayendere midzi ya m'dzikolo akufufuza nyimbo. Kuyambira 1936 mpaka 1947 adali mkulu wa nyumba ya wailesi ku Durban, koma mtima wawo udali kumidzi.

Pa nkhani ya aphunzitsi a magule, chomwe chidawatsegula maso ndi maulendo awo kwa Achopi a ku Zavala, kum'mwera kwa Mozambique. Anthu amenewa amaimba timbila, zida zofanana ndi valimba ya anzathu a ku Nsanje, ndipo amaziimba zambiri nthawi imodzi amuna akuvina ndi zishango. M'buku lawo lotchedwa Chopi Musicians, lomwe lidatuluka mu 1948, a Tracey adafotokoza m'mene gule watsopano amabadwira. Mpeki amayamba ndi mawu, kawirikawiri odzudzula zolakwika za m'mudzi kapena za boma. Kenaka amawapezera maimbidwe pa mbila yake ndi kuphunzitsa anzake oimba. Akatero amaitana mtsogoleri wa ovina, amene amamvetsera, nakonza mapondedwe ogwirizana ndi chigawo chilichonse, kenaka n'kuphunzitsa anyamata mpaka atagwira. Apeki awiri otchuka, Katini ndi Gomukomu, adawatchula maina ndi kuwalemekeza monga momwe Azungu amalemekezera akatswiri awo. Masiku amenewo mabuku ambiri ankangolemba kuti nyimbo ndi ya mtundu wakuti, ngati kuti idagwa ndi mvula.

Nditawerenga zimenezi ndidakumbukira mganda ndi malipenga athu a m'mbali mwa nyanja. Magule amenewa adafala nkhondo yoyamba itatha, potengera perete wa asilikali a King's African Rifles. Gulu lililonse limatchedwa boma ndipo lili ndi maudindo ake monga mfumu, kapitawo ndi dokotala. Mnyamata amayamba ndi kunyamula zikho za akuluakulu, kenaka amalowa kumzere wakumbuyo, ndipo pamapita zaka asanaloledwe kutsogolo. Amayi a chiwoda nawonso ali ndi atsogoleri awo opeka nyimbo ndi mapondedwe. Imeneyitu ndi sukulu yathunthu, yokhala ndi makalasi ndi mayeso, kungoti mayeso ake amalembedwa pa bwalo, pamaso pa mudzi wonse, tsiku la mpikisano ndi boma la kutsidya la mtsinje.

A Tracey adatsatiranso magule ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene atate ndi amalume athu ambiri adapita pa Wenela. Kumeneko amuna a m'makomboni ankavina Lamulungu, mtundu uliwonse gule wake. Iwo adathandiza kukonza bwalo la magule pa mgodi wa Consolidated Main Reef, ndipo mu 1952 adatulutsa buku la magule a m'migodi imeneyi. Mu 1954 adakhazikitsa nyumba yosungiramo nyimbo za mu Africa, International Library of African Music, ku Roodepoort.

Kuno ku Nyasaland adafikako mu 1950 ndi mu 1958, pa magalimoto odzaza makina olemera ndi injini yopangira magetsi. Adajambula bangwe, kalimba, ng'oma, malipenga ndi nyimbo za amayi pamtondo, m'Chichewa, Chimang'anja, Chiyao, Chitonga ndi Chitumbuka. Kajambulidwe kawo kadali kachilendo. Maikolofoni ankaigwira m'manja, akuyenda pakati pa oimba, kuti chida chilichonse chimveke pachokha. Akamaliza ankabwezera nyimboyo pa makina kuti eni ake adzimve, ndipo kwa ambiri kudali koyamba kumva mawu awo. Pa nyimbo iliyonse ankalemba khadi: dzina la mtsogoleri, malo, chiyankhulo, zida ndi tanthauzo la mawu. Ntchito ya maulendo awo idatuluka pa mbale za galamafoni zoposa 200 zotchedwa Sound of Africa.

Sindingabise kuti munthu ameneyu ali ndi omudzudzula, ndipo ena mwa iwo akunena zoona. Ndalama zambiri za ntchito yake zidachokera kwa eni migodi, amene magule a mitundumitundu ankawathandiza kuti antchito akhale ogawikana ndi osadandaula. Iye ankakonda kwambiri nyimbo zakumudzi ndipo ankadera nkhawa za kusintha komwe sukulu, tchalitchi ndi tauni zinkabweretsa, pamene ana a Africa ophunzira ankafuna ufulu wosankha okha. Komanso mawu a agogo athu adakhala zaka zambiri m'mashelefu a ku South Africa, kutali ndi zidzukulu zawo. Komabe akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Chomwe ife eni ake tinkachiona ngati masewera, iye adachiona ngati maphunziro oyenera kusungidwa.

Yunivesite ya Cape Town idawapatsa digiri yaulemu mu 1965. Adamwalira pa 23 October 1977 pa famu yawo pafupi ndi Krugersdorp. Mwana wawo Andrew adapitiriza ntchitoyo, ndipo mu 1978 nyumba ya nyimbo ija idasamukira ku Rhodes University mu mzinda wa Grahamstown, womwe tsopano ukutchedwa Makhanda. Nyimbo zija zidaikidwa pa kompyuta, ndipo ogwira ntchito kumeneko adayamba kuzibweza kumidzi komwe zidachokera. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti timbila za Achopi, Gule Wamkulu ndi Vimbuza ndi chuma cha dziko lonse lapansi.

Mdzukulu wanga adandipezera pa intaneti nyimbo imodzi ya malipenga yomwe a Tracey adajambula. Nditaimva, miyendo idayamba yokha kufuna mzere, ndipo ndidaona a Kapitawo ataima patsogolo pathu pa bwalo la mpira lija, wezulo ili pakamwa. Anthu a m'nyimbo ija adalembedwa pa khadi. A Kapitawo athu sadalembedwe paliponse, ngakhale adaphunzitsa ana amene lero ndi aphunzitsi, anamwino ndi akuluakulu a m'maofesi.

Tsono pempho langa nali. A Tracey ankafunika galimoto kuti anyamule makina awo, pomwe ife makina oposa amenewo tili nawo m'thumba. Mukapita kumudzi pa tchuthi, kaya ndi ku Sani, ku Chia, ku Linga kapena ku Dwangwa, funani mtsogoleri wa mganda, malipenga kapena chiwoda. Mupemphe chilolezo, mumujambule, mumufunse amene adamuphunzitsa, ndipo mulembe dzina lake lonse ndi mudzi wake. Ndipo ngati alipo pakati panu amene akukumbukira dzina la a Kapitawo, chonde lemberani kwa a Mkonzi, kuti tilisindikize m'kalata yotsatira.

Ndine mnzanu wa kumzere wakumbuyo,
Nkhotakota.