Mbiri ya Malemu Dr. Leon Jacobson

Tonsefe tinaloweza m'kalasi kuti magazi amapangidwa m'mafupa, koma dzina la Dr. Leon Jacobson sitinalimve.

Bambowa anabadwa mu 1911 ku Sims, m'chigawo cha North Dakota ku Amereka. Anayamba ndi uphunzitsi pa sukulu ya kumudzi, kenaka n'kukachita udokotala ku yunivesite ya Chicago, komwe anamaliza mu 1939.

Mu 1949 anapeza chinthu chodabwitsa. Mbewa zikawombedwa ndi cheza champhamvu cha X-ray, maselo opanga magazi amafa, ndipo mbewazo zimatsirizika ndi matenda kapena kukha magazi. Koma iwo atatchinga kapamba ndi mtovu, mbewa zambiri zinapulumuka. Ankaganiza kuti kapambayo amatulutsa mankhwala ochiritsa. Apa anaphonya, pakuti mu 1956 akatswiri ena anatsimikiza kuti ndi maselo enieniwo amene amakakhazikika m'mafupa n'kuyambiranso kupanga magazi. Nzeru yopatsa odwala khansa ya m'magazi maselo a m'mafupa a munthu wina inamera pamenepa.

Mu 1957 gulu lawo linasonyezanso kuti impso ndizo zimalimbikitsa thupi kupanga maselo ofiira a magazi. Anamwalira mu 1992.