Theodor Engelmann: katswiri amene anaulula chinsinsi cha ndere ndi kuwala

Theodor Wilhelm Engelmann anabadwa pa 14 November 1843 mumzinda wa Leipzig ku Germany, m'banja la munthu wosindikiza mabuku. Atamaliza maphunziro a udokotala mu 1867, anapita ku Utrecht m'dziko la Netherlands kukagwira ntchito pansi pa katswiri wa za maso, Franciscus Donders. Anakwatira mwana wa Donders, Marie, koma mayiyu anamwalira mu 1870 atangobereka mapasa. Pambuyo pake anakwatira Emma Brandes, woimba piyano, ndipo Johannes Brahms anapereka imodzi mwa nyimbo zake polemekeza Engelmann.

Nthawi imeneyo akatswiri ankatsutsana za mtundu wa kuwala umene zomera zimapangira chakudya, ndipo ambiri ankati ndi kwachikasu. Mu 1882 Engelmann anagawa kuwala ndi galasi la prism kuti kutuluke mitundu ya utawaleza, nakuwalitsa pa kaulusi ka ndere yotchedwa Cladophora pansi pa maikulosikopu yopangidwa ndi Carl Zeiss. M'madzimo anaikamo mabakiteriya amene amathamangira kumene kuli mpweya wa okosijeni. Tizilomboti tinaunjikana pamene panagwa kuwala kofiira ndi kwabuluu, umboni wakuti mpamene ndereyo inkatulutsa okosijeni wambiri.

Atayesa ndere zofiira za m'nyanja yamchere, anapeza kuti zimagwiritsa ntchito kwambiri kuwala kobiriwira. Popeza madzi amameza kuwala kofiira pamwamba pomwe, pamene kobiriwira ndi kwabuluu kumafika pansi, mu 1883 iye anati mtundu wa ndere umagwirizana ndi kuwala kumene imalandira. Mfundo yakuti utoto wina, osati chlorophyll yekha, umagwiranso kuwala inakayikiridwa kwa zaka zambiri. Mu 1950 Francis Haxo ndi Lawrence Blinks anatsimikiza izi pa ndere za m'nyanja. Lero zikudziwika kuti utoto wofiira wa phycoerythrin umagwira kuwala kobiriwira n'kupereka mphamvuyo kwa chlorophyll. Komabe, akatswiri a pambuyo pake anapeza kuti kuya kumene ndere imamera kumadaliranso kuchuluka kwa kuwala, osati mtundu wake wokha.

Engelmann anafufuzanso za kagundidwe ka mtima, ndipo mu 1897 anasamukira ku Berlin kukalowa m'malo mwa Emil du Bois-Reymond. Anamwalira komweko pa 20 May 1909, ali ndi zaka 65.