Yotham Muleya: Mnyamata Amene Anathamanga Wopanda Nsapato

Chaka chatha, pa tsiku la masewera pano pa seminale, ndinakana kulowa nawo mpikisano wa liwiro wa mamita 5,000. Bambo Mfumu oyang'anira masewera atandifunsa chifukwa chake, ndinanama kuti bondo likundipweteka. Zoona zake n'zakuti ndinalibe nsapato zothamangira. Kwathu ndi ku Kasungu, ndipo bambo anga ndi tenanti pa esiteti ina ya fodya. Chaka chimenecho mabelo athu sanayende bwino ku okushoni. Atachotsa ngongole ya feteleza ndi ya chimanga, ndalama zotsala zinangokwanira fizi ndi sopo. Choncho ndinachita manyazi kukaima pamzere ndi mapazi anga aming'alu pakati pa anzanga ovala nsapato zokongola.

Pa tchuthi cha Pasaka, tikusankha fodya m'chigafa, ndinaulula zimenezi kwa agogo anga aamuna. Iwowa pa unyamata wawo anapita ku Southern Rhodesia ndi a Mthandizi, nakagwira ntchito m'mafamu a fodya kufupi ndi Salisbury, mzinda umene iwo amautchula kuti Halale. Atamva nkhani yanga anapukusa mutu, nandifunsa ngati kusukulu kwathu sanatiphunzitseko za Yotham Muleya. Dzinali linali lachilendo kwa ine. Nditabwerera kuno ndinayamba kufufuza, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndikufuna kugawana nanu, abale anga.

Yotham Muleya anabadwa mu 1940 m'mudzi wa Mudukula, m'boma la Choma, kumwera kwa dziko la Northern Rhodesia, limene lero ndi Zambia. Anakulira kumudzi monga ambiri a ife, pakati pa anthu oweta ng'ombe. Popeza anali wanzeru m'kalasi, anapita ku Lusaka kukaphunzira pa sekondale ya Munali, sukulu yomweyo imene anaphunzirako Kenneth Kaunda. Pambuyo pake analowa sukulu ya ntchito zamanja ya Hodgson, mumzinda womwewo, kuti aphunzire umakaniko wa galimoto. Ndi ku Lusaka kumene anthu anazindikira kuti mnyamatayu ali ndi mphatso yothamanga mtunda wautali osatopa.

Tsono tiyenera kukumbukira nthawi imene iye ankakhala. Kuyambira mu 1953 mpaka mu 1963, maiko a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland wathuyu anali m'chitaganya chimodzi, ndipo likulu lake linali Salisbury. Atsamunda ankanena kuti chitaganyacho ndi mgwirizano wa mitundu yonse, koma tsankho linali paliponse: m'sitolo, m'sitima, m'sukulu ngakhalenso pa bwalo la masewera. Azungu ankapikisana okhaokha, anthu akuda nawonso okhaokha. Munthu wakuda ankaloledwa kutchetcha udzu wa pabwalo ndi kujambula mizere ya laimu, koma osati kuthamanga m'mizeremo pamodzi ndi mzungu.

Mu December 1958 kunakonzedwa mpikisano waukulu ku Salisbury, ndipo mlendo wolemekezeka anali Gordon Pirie wa ku Britain. Ameneyu sanali munthu wamba. Mu 1956 anathamanga mamita 5,000 mofulumira kuposa munthu wina aliyense pa dziko lapansi kufikira nthawi imeneyo, ndipo chaka chomwecho anapata mendulo ya siliva pa masewera a Olympic ku Melbourne. A ku Northern Rhodesia anatumiza dzina la Muleya kuti akathamange naye pa mtunda wa mamailosi 3. Mkulu wina wa bungwe la masewera ku Southern Rhodesia anakana kwamtuwagalu, nanyoza mnyamatayo ndi mawu oipa amene azungu ena ankatchulira anthu akuda. Nkhaniyo itamveka, anthu ambiri, ena mwa iwo azungu, anaipidwa nayo, ndipo bungwelo linasintha maganizo. Muleya analoledwa kuthamanga.

Pa tsikulo bwalo linali lamatope, chifukwa inali nyengo ya dzinja. Anthu pafupifupi 4,000 anasonkhana, ambiri a iwo kudzaona Pirie. Muleya anaima pamzere wopanda nsapato. Mpikisano utayamba, mnyamata wa ku Mudukula sanaope dzina la mnzakeyo. Anazungulira bwalo mosatekeseka, ndipo pofika kumapeto anali atamusiya Pirie ndi mayadi pafupifupi 100. Anamaliza mamailosi atatuwo pa mphindi 14 ndi masekondi 48.5, nthawi imene inali isanaonekepo m'maiko a Rhodesia. Anthu oonerera anamuombera m'manja osayang'ananso khungu lake.

Agogo anga sanali pabwalopo, pakuti wantchito wa pafamu analibe mpata wotero. Iwo akuti nkhaniyo inawapeza kukomboni, ndipo kwa masiku angapo anthu ankangokamba za iyo pothyola fodya ndi posonkha moto m'mabalani. Anthu a ku Nyasaland, a ku Northern Rhodesia ndi a ku Mozambique, amene tsiku ndi tsiku ankaitanidwa ngati ana ngakhale anali ndi imvi, anaona ngati apambana ndi iwo. Musaiwale kuti chaka chomwecho, pa 6 July, Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa kwathu ku Kasungu, anali atabwerera kumudzi kudzalimbana ndi chitaganya, ndipo pa 3 March 1959 anamangidwa natumizidwa kundende ya Gwelo. Mitima ya anthu inali kale m'mwamba. Muleya sanali wandale, sanalankhulepo pa msonkhano, koma mapazi ake anatsutsa bodza lakuti munthu wakuda ndi wotsalira.

Mu November 1959 Muleya anapeza mwayi wopita ku America kukaphunzira ndi kukakulitsa luso lake pa Central Michigan University. Anapita pamodzi ndi John Winter, mzungu wothamanga wa ku Southern Rhodesia, chinthu chimene chaka chimodzi m'mbuyomo palibe akadachiganizira. Ambiri ankayembekeza kuti adzamuona pa masewera a Olympic a 1960 ku Rome. Koma za mawa sizidziwika. Atangokhala masiku ochepa ku America, galimoto imene anakwera inachita ngozi pafupi ndi tauni ya Mount Pleasant, ndipo Muleya anamwalira pa 23 November 1959, ali ndi zaka 19 zokha. Thupi lake analibweretsa kwawo.

Kodi zonse zinathera pomwepo? Iyayi. Khomo limene iye anatsegula silinatsekekenso msanga. Mu 1960 gulu la Rhodesia lopita ku Rome linali ndi wothamanga wakuda, Cyprian Tseriwa. Ku Rome komweko Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana mpikisano wa marathon, mtunda wa makilomita 42, nayenso wopanda nsapato. Mu 1964 dziko la Muleya linalowa masewera a ku Tokyo likutchedwa Northern Rhodesia, ndipo pa tsiku lotsekera, 24 October, linatuluka likutchedwa Zambia, pakuti ndilo tsiku limene linalandira ufulu. Malaŵi anayamba kutumiza anyamata ndi atsikana ake ku Olympic mu 1972 ku Munich. Mu 1996 Samuel Matete wa ku Zambia anapata siliva ku Atlanta, ndipo mu 2000 Maria Mutola wa ku Mozambique anapata golide ku Sydney pa mamita 800. Mumzinda wa Lusaka muli msewu ndi sukulu ya pulayimale zotchedwa dzina la Muleya.

Anzanga aseminale, moyo wa mnyamatayu wandiphunzitsa chinthu chimodzi. Mulungu anamupatsa miyendo, koma sanamupatse nsapato, ndiponso sanamupatse zaka zambiri. Akadati adikire mpaka atapeza nsapato, kapena mpaka tsankho litatha, bwenzi atafa osathamanga konse. Iye anagwiritsa ntchito chimene anali nacho pa tsiku limene anapatsidwa. Ife pano timakonda kudandaula: mabuku ndi ochepa, nyemba zachuluka, kwathu ndi kosauka. Ena mwa ife timabisa kumene tinachokera, ngati kuti kukhala mwana wa tenanti ndi tchimo. Kodi wansembe wochita manyazi ndi umphawi wa makolo ake adzalalika chiyani kwa akhristu a m'midzi, amene ambiri a iwo amabwera ku Misa osavala nsapato?

Kwa inu makolo athu, amene mumagona m'zigafa ndi kudzuka mbandakucha kuti ife tiphunzire, ndikupepesa chifukwa cha manyazi anga aja. Bambo Mfumu ndinawauza kale zoona, ndipo anandikhululukira. Chaka chino dzina langa lili pa mndandanda wa othamanga mamita 5,000. Nsapato ndilibebe, ndipo sindikulonjeza kuti ndidzapambana. Koma mluzu ukadzalira, mudzandipeza pamzere.