Sidney Kark: Dokotala Amene Adawerenga Matenda a Mudzi Wonse

Mphunzitsi mnzathu, kaundula wa m'kalasi mwanu amakuuzani zambiri kuposa mayina a ana. Mukamuyang'anitsitsa mumaona miyezi imene ana amajomba, ndipo mumayamba kufunsa chifukwa chake. Munthu amene muwerenge za moyo wake m'gawo lino adachita zomwezo ndi kaundula wa odwala.

Sidney Kark adabadwira ku Johannesburg m'chaka cha 1911, ndipo adatsiriza maphunziro a udokotala pa yunivesite ya Witwatersrand mu 1936. Inu amene mukuphunzitsa ku Marlboro kapena ku Alexandra, dziwani kuti ameneyu ndi mwana wa mzinda wanu.

Mu 1940 boma lidamutumiza ku Pholela, dera la kumidzi ku Natal, kuti akatsegule chipatala chaching'ono. Adapita ndi mkazi wake Emily, amenenso adali dokotala, ndipo adagwira ntchito limodzi ndi Edward Jali ndi mkazi wake Amelia, yemwe adali namwino. Posakhalitsa adaona kuti anthu omwewo ankabwerabwera ndi matenda omwewo. Mankhwala ankachiza munthu, koma gwero la matendawo linkatsala kunyumba.

Choncho mu 1942 adayamba kalembera wa mabanja 130 oyandikana ndi chipatalacho. Adaphunzitsa anthu a m'deralo, olankhula Chizulu, kuyenda khomo ndi khomo kulemba obadwa, omwalira, zakudya, madzi ndi zimbudzi. Banja lililonse lidali ndi faelo yake, moti wodwala akabwera, dokotala ankaona mbiri ya nyumba yonse. Taonani apa kuti popanda chiyankhulo cha eni mudzi, manambalawo sakadapezeka.

Kalemberayu adaonetsa kuti ana ambiri ankadwala chifukwa chosowa zakudya zoyenera, ndipo chipatala chidalimbikitsa madimba a ndiwo zamasamba. Pomatha zaka khumi, imfa za makanda m'mabanja amenewa zidatsika kupitirira theka. Mu 1949 Kark adalemba kuti chindoko chinkafala chifukwa cha dongosolo lotengera amuna ku migodi ndi m'mizinda, akazi n'kutsala okha kumudzi. Inu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene agogo anu adapita ku Joni, nkhaniyi si yachilendo.

Kark adatsogoleranso sukulu ya zaumoyo wa mabanja ku Durban, koma boma la tsankho limene lidalowa mu 1948 silidafune ntchito yotereyi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 adachoka m'dzikomo, ndipo adakhazikika ku Jerusalem, kumene adaphunzitsa njira yakeyi kwa ophunzira a m'maiko ambiri. Adamwalira mu 1998.

Ntchito: Lembani mafunso asanu m'Chichewa amene mlangizi wa zaumoyo angafunse pakhomo popanda kuchititsa manyazi eni nyumba. Kenaka fotokozani mawu aulemu amene mwasankha ndi chifukwa chake.