Mai Emma DeLaney, Namwino wa ku Mbombwe

Pa chikondwerero chathu chino tayenera kukumbukira mai mmodzi amene dzina lao silimveka kawirikawiri kuno kwa Khwethemule, chonsecho anagwira ntchito pafupi ndi ife, m'boma la Chiradzulu. Amenewa ndi Mai Emma B. DeLaney. Tawasankha makamaka chifukwa cha ana athu aakazi amene amasirira chovala choyera cha anamwino, koma akaona buku la masamu amayamba kuodzera.

Mai DeLaney anabadwa mu 1871 ku Fernandina, m'dera la Florida ku America, patangopita zaka 6 chithetsedwere ukapolo m'dzikomo. Anali munthu wakuda monga ife, ndipo masiku amenewo sukulu zolandira atsikana akuda zinali zowerengeka. Imodzi mwa izo inali Spelman Seminary ku Atlanta, imene amai awiri, Sophia Packard ndi Harriet Giles, anaiyamba mu 1881 m'chipinda cha pansi pa tchalitchi ndi ophunzira 11 okha. Mu 1886 sukuluyo inayambanso kuphunzitsa unamwino.

Kumeneko ndiko Mai DeLaney anapita, ndipo sanapupulume. Anatsiriza maphunziro a sekondale mu 1894 ali ndi zaka 23, msinkhu umene kuno kwathu ambiri amakhala atabereka kale kawiri. Anakhalabe pa sukulupo kufikira 1896, naonjezera maphunziro a ntchito ya mishoni ndi a kusamala odwala. Atachoka apo anakayang'anira ana a sukulu yogonera komweko ku Live Oak, kwao ku Florida. Kotero pamene mpingo wa National Baptist Convention unawatuma ku dziko lino mu 1902, anali mai wokhwima wa zaka 31.

Ife tikuona kuti zaka za m'kalasi zija sizinapite pachabe. Namwino amayeza mankhwala, ndipo kuyeza ndi masamu. Akaphonya pang'ono, mwana wa mwini angathe kufa. Amawerenga zimene dokotala walemba, nalemba zimene waona usiku kuti wobwera m'mawa asasokere. Mtima wachifundo tonse tili nao, koma chifundo chokha sichidziwa kusiyanitsa malungo ndi chibayo. Lero lomwe lino mtsikana wofuna malo ku koleji ya Malamulo ku Makwasa, kapena ku Kamuzu University of Health Sciences, amamufunsa za MSCE: wakhoza bwanji Chingerezi, masamu, Biology ndi sayansi zinzake. Tsono mwana akathawa sayansi ali mu Fomu 3, khomo lija walitseka yekha asanaligogode. Ndipo amene wabwereza mayeso chaka china, mai ake akuthyola tiyi pa esiteti kuti apeze fizi, tisamuseke.

Mai DeLaney anafikira ku Mbombwe, pa Providence Industrial Mission imene Abusa John Chilembwe anaiyamba mu 1900. Anapeza Abusa Landon Cheek, a ku America omweko, atafika kale mu 1901. (Chaka chomwecho cha 1902 banja la a Thomas Branch, nalonso la anthu akuda a ku America, linafika kuno ku Thyolo pa mishoni imene pambuyo pake inatchedwa Malamulo.) Ku Mbombwe anaphunzitsa ana pa sukulu, nasonkhanitsa amai kuti aphunzire kusoka, nayambitsa bungwe lao. Ife a chigwirizano cha amai sitingaone chimenechi ngati chaching'ono.

Anakhala zaka zochepa chabe nabwerera kwao. Koma mnyamata wina amene ankawathandiza pakhomo, Daniel Malekebu, sanafune kutsala. Anayenda ulendo wautali kukafika ku Beira, nagwira ntchito m'sitima ya pamadzi mpaka anakafika ku America. Naye anayambira pansi, kukwera sukulu ndi sukulu, kufikira anatsiriza za udokotala pa Meharry Medical College mu 1917. Ndiye Mmalawi woyamba kukhala dokotala.

Mu 1912 Mai DeLaney anabweranso ku Africa, ulendo uno ku Liberia, kumene anayambitsa Suehn Industrial Mission. Ali kumeneko, mu January 1915 kunabuka nkhondo ya Chilembwe, ndipo boma la atsamunda linagumula tchalitchi cha ku Mbombwe ndi kutseka mishoniyo. Anabwerera ku America mu 1920, namwalira mu 1922 ali ndi zaka 51, asanaonenso Chiradzulu.

Dr Malekebu anayesa kubwera kwao mu 1921 koma boma linawakaniza. Anawalola mu 1926, ndipo anatsegulanso mishoni ya ku Mbombwe pamodzi ndi akazi ao, Mai Flora Zeto Malekebu, amene anabadwira ku Congo naphunzira pa sukulu yomwe ija ya Spelman.